Duwa la Chinaka

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi. Ndili ndi kachipinda ku Mbamba Bay, pafupi ndi pamene pamaima mabasi a ku Mbinga, ndipo ndakalambira momwemo ndikuuza anthu kuti akweze chibwano, asaphethire. Ndinabadwira ku Nkhotakota. Ndinawoloka nyanja ndili mnyamata kudzagulitsa zitenje, koma malonda a zitenje anandikana, kamera n'kundilola. Mkazi wanga nayenso makolo ake ndi a kwathu komweko, ngakhale iye anakulira kuno. M'nyumba timayankhula Chichewa, panja Chiswahili, ndipo tikakangana timangosakaniza zonse.

Mkazi wangayo anthu amamudziwa ndi chinaka. Kwa amene sanadyepo, chinaka ndi timizu tozungulira ngati timbatata ting'onoting'ono, tokumbidwa kumapiri. Amatitsuka, kutiyanika, kutisinja, kenako n'kuphika pamodzi ndi nsinjiro ndi chidulo, akuvundula mpaka phewa kuwawa. Chikazizira chimalimba ngati chiwindi, n'kumachidula zidutswazidutswa. Loweruka anthu amabwera pakhonde pathu ndi mbale zawo, ena mpaka kusiya mbale usiku wa Lachisanu kuopa kusemphana nacho.

Timizuto amatibweretsera ndi mkulu wake, amene anakwatiwa kumtunda kwa Ngumbo, kumapiri kumene chifunga chimagona mpaka masana. Ine ndimawatchula alamu, iwo amanditchula shemeji, monga amachitira anthu a kuno.

Chaka china, mvula itangoyamba, alamu anatsika kudzationa. Mkazi wanga akusesa m'khitchini anapeza kamuzu kamodzi kamene kanagwera kuseri kwa mtsuko. Chifukwa cha chinyezi kanali kataphuka, katatulutsa kansonga kobiriwira. Anakatola n'kupita nako pakhonde pamene tinakhala.

"Achemwali, kodi chinakachi chimachita maluwa?"

Alamu anaseka mpaka kuika kapu ya tiyi pansi. "Iwe, zaka zonsezi ukuphika chinthu chimene sunachionepo nkhope? Nanga ife timadziwa bwanji pokumba? Timaona maluwa nthawi ya mvula, malowo n'kuwasunga m'mutu. Akauma m'pamene timabwerera ndi khasu."

"Amaoneka bwanji?"

"Ofiirira. Ena oyera. Ndi maluwa basi."

Mkazi wanga anakatembenuzatembenuza kamuzu kaja m'manja. Inenso ndinazindikira kuti ndadya chinaka kuyambira ubwana wanga osaganizapo n'komwe kuti pamwamba pake pamamera chinthu. Koma iye kupita kukaona sakanatha. Anagwa pa pikipiki, njinga yamoto, zaka zapitazo, bondo silinabwerere mwakale, moti ngakhale masitepe a kutchalitchi amakwera mopumira.

Alamu anayesa kumuthandiza. Maluwa atayamba, anathyola limodzi, kulikulunga m'tsamba la nthochi, n'kupatsira kondakitala wa basi. Linafika madzulo litada, litanyala, likununkha ngati ndiwo zamasamba zogona. Mkazi wanga analitambasula patebulo mosamala, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Basi, mwina sindinalembedwe kuliona," anatero, n'kukalitaya kudzala.

Mawu amenewo anandikhala pamtima. Sabata yotsatira ndinatseka situdiyo, ndinakulunga kamera m'pepala la pulasitiki, n'kukwera basi ya ku Ngumbo.

Ndisanapitirire ndifotokoze kanthu kena ka ntchito yathu. Lenzi imene ndimajambulira anthu siona tinthu ting'onoting'ono. Ukayandikira kwambiri zonse zimangosanduka utsi. Malenzi opangidwira ntchito imeneyo alipo, koma ine ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi nzeru imene anandionetsa mzee wina, bambo wachikulire amene anandiphunzitsa ntchito ku Songea kalekale: ukachotsa lenzi n'kuitembenuza, kumaso kukhale kumbuyo, imakulitsa zinthu modabwitsa. Iye anandionetsa pa mutu wa machesi, tinaseka, n'kuiwala. Tsopano ndinaikumbukira. Ndinadula mphira wa chubu cha njinga woti ndikamangire lenzi yotembenuzayo kukamera, n'kuuponya m'chikwama.

Ndinagona kwa alamu, ndipo m'mawa mwake tinayamba kukwera. Iwo patsogolo, opanda nsapato, ambulera m'khwapa. Ine pambuyo ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Tinadutsa minda ya chinangwa, kenako ya khofi, kenako kunalibenso minda, udzu wokhawokha wonyowa wofika m'mawondo. Kunkazizira kuzizira kumene ife a m'mphepete mwa nyanja sitikudziwa. Chifunga chinkabwera n'kutiphimba, mwakuti nthawi zina alamu ndinkangowamva kutsokomola osawaona.

Tinafika padambo lina pakati pa zitunda ziwiri. Alamu anaima n'kuloza ndi ambulera.

"Ndi amenewo, shemeji."

Kunena zoona, poyamba ndinakhumudwa. Ndinaona timapesi tofika pamsinkhu wa mkono, tili apo ndi apo mu udzu, kalikonse katanyamula timaluwa tofiirira tothinana kunsonga. Duwa lililonse palokha silinkaposa chikhadabo cha chala changa chaching'ono. Munthu wodutsa ndi mtolo wa nkhuni sakanatembenuka n'komwe. Ndinaganiza za ulendo wonse uja, ndipo ndinangoti, "Oho."

Komabe ndinagwada m'matopemo. Ndinachotsa lenzi, kuitembenuza, kuimanga ndi mphira uja, n'kuika diso pakamera. Munali mdima ndi utsi wofiirira. Ndinasendera pang'ono. Palibe. Ndinasenderanso, mpaka lenzi inatsala pang'ono kukhudza duwa.

Kenako chinthu chinatseguka patsogolo panga.

Ndinali pakhomo la nyumba. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji mwina. Duwa lija, limene ndi maso linali kachidutswa kofiirira, linali ndi denga lokhota ngati chisoti, ndipo kumbuyo kwa chisoticho kunkalendewera timichira tiwiri tatitali. Khoma lake silinali losalala ayi. Linali lopangidwa ndi timikanda tosawerengeka, tondandalikidwa bwinobwino, kalikonse kakunyezimira pakokha ngati shuga wothiridwa pambale. M'khomamo munkadutsa timitsempha tofiira kwambiri, tonse tolowera mkati, kumene kunali kamzati koyera kokhala ndi timatumba tiwiri tachikasu. Pamlomo pa duwalo panali dontho la mame, ndipo m'donthomo ndinaonamo phiri lonse, ndi mtambo wake, ndi alamu ataima ndi ambulera yawo, zonse zili chadodolido.

Ndajambula maukwati, maubatizo, mitembo, ana obadwa kumene. Ndimaganiza kuti maso anga anaona zokwanira. Koma zoterezi anali asanazionepo. Chimene chinandigwira kwambiri n'chakuti zonsezi zinakonzedwa mwaluso chonchi pamalo pamene palibe woziona. Dambo lonselo linali ndi timapesi tambirimbiri, kalikonse ndi maluwa ake, duwa lililonse ndi nyumba yake yotere, ndipo zimatseguka chaka ndi chaka m'chifungamo, n'kufota, popanda munthu wodziwa.

"Shemeji, mwakomoka kodi?"

"Alamu, tabwerani."

Anakana poyamba, amvekere zinthu za azungu zimawapweteketsa mutu. Ndinawakakamiza. Anagwada, ndinawagwirira kamera, n'kuwauza kuti atsinzine diso limodzi ndi kusendera pang'onopang'ono. Anasendera mpaka analipeza. Kenako ndinamva akunong'ona m'Chiswahili, "Mungu wangu." Anachotsa diso, kuyang'ana duwalo ndi maso awo, kubwezeranso diso pakamera. Anachita zimenezi kangapo.

"Zimenezi zili mkati mwa kameramu kapena mkati mwa duwa?"

"Mwa duwa, alamu."

"Onsewa ali choncho?"

"Onse."

Anadzuka n'kuyang'ana dambo lonse, dzanja lili pakamwa. Kenako anayang'ana pansi pamene anaponda, n'kusuntha phazi.

Kuona kunali kosavuta. Kujambula ndiye inali nkhondo. Lenzi yotembenuza imadya kuwala, ndipo tsikulo dzuwa silinatuluke n'komwe. Komanso pamene pamaoneka bwino m'pochepa ngati tsitsi: ukangopuma, duwa lathawa. Kamphepo kakang'ono, kamene patsaya sungakamve, m'kameramo kankaoneka ngati namondwe. Ndinachita chimene wojambula aliyense amachita kukada: ndinakweza mphamvu ya kamera yoonera mumdima mpaka pamapeto pake. Ndinkadziwa kuti zimenezi zili ndi mtengo wake, koma panalibe njira ina.

Alamu ndi amene anapeza mwala. Anaugubuduza kuufikitsa pafupi ndi phesi lija, anavula chitenje chapamwamba n'kuchipinda ngati nkhata, ine n'kukhazikapo kamera. Kenako anatsegula ambulera n'kugwada kumbali kochokera mphepo. Duwa linaima. Ndinagona chafufumimba m'madzimo, ndipo osasuntha kamera ndinadina, n'kudinanso, n'kudinanso, duwa limodzimodzilo, poganiza kuti mwa zambirizo chimodzi chidzakhala chabwino. Tinasiya mvula itayamba kugwa yeniyeni. Tinatsika tili chinyowere, tikuterereka.

Nditafika kunyumba ndinapita kusitudiyo ndisanavule n'komwe nsapato. Ndinaika zithunzi pakompyuta, kutsegula choyamba, ndipo mtima unagwa.

Kamera ukaikakamiza kuona mumdima imayamba kupeka zake. Imawaza timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu pachithunzi chonse. Anzathu a kuno amati chenga, liwu lomwelo limene amanena wailesi yakanema ikamathetheka mlongoti ukasuntha. Zithunzi zanga zonse zinali chenga chokhachokha. Kumbuyo kwa duwa, kumene kunayenera kukhala kobiriwira mofewa, kunkaoneka ngati nyerere zamitundumitundu. Timikanda tija ta m'khoma la duwa tinasokonekera m'timadontho tabodzato, osadziwika kuti chenicheni n'chiti.

Mkazi wanga anabwera ndi ndodo yake, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Ndi limeneli?"

"Ndi limeneli, koma si mmene linalili."

"Ndi lokongola ndithu, bambo," anatero, n'kundigwira paphewa. Ndinadziwa kuti akungondisangalatsa. Anafunsa ngati ndadya, n'kubwerera kunyumba.

Masiku otsatira, pakakhala palibe kasitomala, ndinkalimbana nazo. Pulogalamu imene ndimakonzera zithunzi ili ndi pochotsera chenga, ndipo pankhope za anthu imandithandiza. Ndinaikoka mpaka kumapeto. Chenga chinachoka, inde, koma chinapita ndi zonse. Timikanda, timitsempha, zonse zinasungunuka, duwa n'kutsala ngati lopangidwa ndi sopo. Ndikabweza pang'ono, nyerere zija zinkabweranso. Ndinayesa kugawa ntchito: kumbuyo ndinasalaza kwambiri popeza kunalibe choti n'kutaya, duwalo n'kulizungulira mosamala osalikhudza. Kumbuyo kunakhala bwino zedi, kobiriwira ngati madzi akuya. Koma duwa lenilenilo linali lidakali lodwala nthomba.

Ndinaimbira foni mnzanga wina amene ali ndi situdiyo ku Songea, munthu wokonda kuyesa zinthu. Nditamufotokozera anafunsa funso limodzi.

"Unajambula kangati duwa limodzilo?"

"Kambirimbiri."

"Kamera osasuntha?"

"Inali pamwala."

"Ndiye ukulira chiyani, ndugu yangu? Chenga sichigwa malo amodzi kawiri. Duwa ndiye limakhala pomwepo. Sanjikiza zithunzizo, chimodzi pamwamba pa chinzake, uiuze kompyuta itenge chapakatikati. Chimene chili m'zithunzi zonse chitsala, chimene chikusinthasintha chizimiririka."

Anandilongosolera podina, ine n'kumatsatira foni ili pakhutu.

Inali ntchito ya masiku angapo, chifukwa kompyuta yanga ndi yokalamba ndipo magetsi ankathimathima. Chithunzi chilichonse chinafunika kuchikankha pang'onopang'ono mpaka chigwirizane ndi chapansi pake. Koma nditasanjikiza zoyambirira ndinaona kuti mnzanga sananame. Chenga chinayamba kuchepa. Ndikaonjezera china, chinkacheperanso. Zinali ngati mmene madzi a m'ndowa amayerera matope akamakhazikika: suona nthawi imene zachitika, umangozindikira kuti pansi pakuoneka. Timikanda tija tinabwerera, kalikonse ndi kuwala kwake. Timitsempha tinabwerera. Dontho la mame linabwerera ndi phiri lake lozondoka.

Malo amodzi okha ndi amene ankandivuta. Mkati mwa chisoti, pambali pa kamzati koyera, panali kachinthu kotuwa kamene sikankagwirizana. Pena kankaoneka kawiri, ngati mzukwa. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa posanjikiza, ndinabwereza, koma kanali pomwepo. Ndiye ndinatsegula zithunzizo chimodzichimodzi, ndikuyang'ana malo amenewo okha. M'zoyambirira kachinthuko kanali pansi. M'zapakati kanali katakwera. M'zomalizira kanali katabwereranso pansi.

Duwa silikweza mwendo.

Ndinachotsa zithunzi zapakatizo, n'kusanjikiza zotsalazo zokha. Kompyuta inaganiza nthawi yaitali monga mwa chizolowezi chake, kenako chithunzi chinatuluka, ndipo ndinakankhira mpando kumbuyo.

Munali kangaude. Kakang'ono kuposa njere ya mpunga, kofiirira ndendende ngati duwalo, katakhala mkati mwa chisoti miyendo yakutsogolo itatambasulidwa ngati munthu wodikira kukumbatira mlendo. Thupi lake linali loonekera mkati ngati sera. Pamiyendo panali tiubweya, ndipo kumutu kwake kunali timaso takuda tondandalikana, tonse tikunyezimira, tikuyang'ana molunjika mu lenzi yanga. Nthawi yonse ija ndinagona m'matope, mphuno yanga ili pafupi ndi nyumba yake, iko kanali kakundiyang'ana. Ine sindinakaone. Alamu sanakaone. Kanangokweza mwendo kamodzi, mwina kundiopseza, mwina kungodziwongola, n'kuubwezanso.

Inali nthawi ya masana, kunja kukutentha, makondakitala akuitanira anthu a ku Mbinga. Ndinatuluka osatseka chitseko n'kupita kunyumba mothamanga, zimene sindinachite kwa zaka zambiri. Mkazi wanga ndinamupeza akusankha mtedza palichero.

"Mayi, tiyeni."

"Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Tiyeni basi."

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, ine ndikudziletsa kumukoka. Ndinamukhazika pampando wanga n'kukulitsa chithunzi kuti chidzaze galasi lonse.

Anatulutsa magalasi ake m'thumba, kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, kuwavala. Anasendera pafupi. Ndinaona maso ake akuyenda pang'onopang'ono, kuchokera kutimichira, kukwera denga, kutsata timitsempha. Anatambasula chala kuti akhudze timikanda tija, chala n'kugunda galasi, iye n'kudzidzimuka.

"Chinaka changa chija?"

"Chomwecho."

"Chimene ndimasinja mumtondo?"

"Pamwamba pake pamakhala zimenezi."

Anapukusa mutu. Kenako anafika pakangaude paja ndipo anakuwa pang'ono, n'kubwerera m'mbuyo. Atazindikira kuti ndi chithunzi chabe anayamba kuseka, misozi ikutsika. Anaseka nthawi yaitali, kenako anasiya, n'kumangokayang'ana.

"Kakudikira ndani?"

"Ntchentche kapena njuchi yobwera kudzamwa timadzi ta m'duwa."

"Ndiye kanadziwa bwanji kuti kavale mtundu umenewu?"

Tinangokhala tonse awiri, iye pampando, ine chiimire, tikuyang'anizana ndi kanyama kamene mwina panthawiyo kanali katafa kale kumapiri kuja.

Patapita kanthawi anatembenuka. "Chinthu chimene munaonera chija chili kuti?"

Ndinatenga kamera, kutembenuza lenzi, kuimanga ndi mphira. Anayang'anayang'ana choti aone, n'kupeza kuti m'chitenje chake mwakodwa njere ya mtedza. Anaiika pawindo pamene panali dzuwa. Ndinamuonetsa kasenderedwe kake, ndipo ataipeza anati khungu la mtedza lili ndi mizere ngati munda wolimidwa pamtunda. Kenako anafuna mchere. Ndinapita kukapempha kwa mayi wogulitsa chipisi pafupi nafe, ndipo mkazi wanga atauona anakana kuti si mchere umenewo, chifukwa unali timabokosi tagalasi tosemedwa mbali zonse. Kenako ulusi wa chitenje chake. Kenako chikhatho changa, chimene anati chikufanana ndi dambo louma la mwezi wa Okutobala.

Tili mkati mwa zimenezi panalowa bambo wina, msodzi wa ku Lituhi, atavala shati yoyera yosita, akufuna chithunzi cha chitupa. Anaima pakhomo n'kumationa anthu akuluakulu awiri titawerama pawindo, tikulimbirana kamera.

"Hodi, fundi wa zithunzi. Kodi ntchito ilipo lero?"

"Ilipo, bambo, dikirani pang'ono," anayankha mkazi wanga osachotsa diso pakamera. Kenako anadzutsa mutu n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pamkono pa bamboyo, pafupi ndi wotchi, panali patamatirira mamba amodzi a nsomba amene sopo anawaphonya.

"Tabwerani kuno kuli dzuwaku," anatero. "Tabweretsani mkonowo. Musagwedezeke."